Kusankha makina a plasma odulira zitsulo: zolemba za miyezi inayi pa shedi yanga

12 Okutobala 2024

Mkati mwa sabata ndimagwira ntchito ya mu ofesi, koma Loweruka ndimatandala pa shedi imene ndinamanga kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25 mu Lilongwe, kumene ndimawotcherera mbaula, mashelefu ndi mipando ya pakhonde. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikudula zitsulo ndi grinder yokha, ndipo pa angle iron ndi mapaipi sindinaidandaulepo. Zinthu zinasintha pamene mayi a kunyumba anapempha kuti geti latsopano likhale ndi chithunzi cha mtengo wa mlambe chodulidwa pa puleti ya chitsulo ya mamilimita 3. Disiki ya grinder imayenda mowongoka basi, ndipo nditayesa kuikhotetsa pa kachidutswa kotsala, inasweka n'kundilasa pa apuloni. Tsiku lomwelo ndinatsimikiza zogula makina a plasma, amene amadula chitsulo ndi moto wa magetsi wokankhidwa ndi mpweya wochokera ku kompuresa.

Ndisanayambe kufunsa mitengo ndinalemba zimene ndimadula kawirikawiri, chifukwa ogulitsa amakonda kukambira za chitsulo chochindikala chimene munthu sadzachigwira n'komwe. Zanga zambiri zimayambira pa mamilimita 1.2 mpaka 6, ndipo chitsulo cha mamilimita 10 ndimakumana nacho mwina kawiri pa chaka.

Makina amene ndinawaganizira anali a magulu awiri. Gulu loyamba ndi la makina a ku China olembedwa kuti CUT-50. Limeneli si dzina la kampani, koma ndi dzina la mtundu wa makina limene mafakitale ambiri amalemba pa mabokosi awo, kotero kuti makina awiri a dzina limodzimodzi akhoza kusiyana kwambiri m'kati mwake. Gulu lachiwiri ndi la makampani odziwika monga Hypertherm ya ku New Hampshire m'dziko la America, imene inayamba mu 1968, komanso Miller ndi Thermal Dynamics. Mtima wanga unali pa Powermax30 AIR ya Hypertherm, chifukwa ili ndi kompuresa yakeyake m'kati, imalemera makilogalamu pafupifupi 13.5, ndipo opanga amati imadula bwino chitsulo cha mamilimita 8. Mtengo umene ndinapatsidwa ndi wogulitsa wina wa ku South Africa, nditawonjezapo wonyamulira ndi msonkho, unapitirira K5 miliyoni. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wogulidwa ndi ndalama zakunja wakhala wolemera kwa munthu wa malipiro a pamwezi, ndipo chithunzi chimodzi cha pa geti sichikanandiloleza kutulutsa ndalama zoterozo.

26 Okutobala 2024

Ndagula CUT-50 m'sitolo ina ya zipangizo ku Old Town pa K620,000. M'bokosi munali makinawo, tochi (chogwirira chimene chimatulutsa moto wodulira) ya mtundu wa PT-31, waya wa ethi wopanira pa chitsulo chimene chikudulidwa, kampope ka mpweya, kageji kochepetsera mphamvu ya mpweya komangirira kumbuyo, ndiponso kathumba ka zida za kumapeto kwa tochi zimene zimatha ndi ntchito, zomwe ndi electrode ndi nozzle. Kabuku ka malangizo kanali ka masamba ochepa, ndipo sikananene chilichonse chothandiza pa nkhani ya waya wa magetsi.

Waya wa makinawo unabwera wopanda pulagi, choncho ndinaikapo pulagi wamba ya mano atatu, ija ya fyuzi ya ma amp 13 imene timagwiritsa ntchito m'nyumba zathu. Ndinalumikiza kompuresa yanga ya malita 24 yopopera penti, ndinaika makina pa ma amp 35, n'kuyamba kudula puleti ya mamilimita 3. Chitsulo chinang'ambika mosavuta ngati nsalu, ndipo ndinasangalala kwa masekondi osakwana makumi anayi, kenaka zonse zinazima. Fyuzi inali itapsa. Ndinaika ina, nayonso inapsa, ndipo pulagi inali itatentha moti sinkagwirika. Pamenepa cholakwa chinali changa osati cha makina, pakuti chikwangwani cha kumbuyo kwake chinkasonyeza kuti amakoka magetsi oposa kuwirikiza kawiri zimene pulagi ija ingapirire, koma ine sindinachiwerenge.

9 Novembala 2024

Ndinaitana mmisiri wa magetsi, bambo wachikulire amene anaika mawaya m'nyumba yathu pamene tinkamanga. Atayang'ana pulagi yosungunuka ija anangopukusa mutu nati, "Achimwene, mukanatentha nyumba ndi ana omwe." Anakoka waya wa 6 mm² kuchokera pa bokosi la magetsi mpaka ku shedi, mtunda wa mamita 18, naikapo buleka yakeyake ya ma amp 32 ndi soketi yaikulu yabuluu ya m'mafakitale. Anandiuzanso kuti kompuresa isakhale pa waya womwewo, chifukwa mota yake ikamalira imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi. Zipangizo pamodzi ndi malipiro ake zinakwana K210,000, ndalama imene sinali m'maganizo mwanga pamene ndinkayerekeza mitengo ya makina.

16 Novembala 2024

Magetsi akhazikika, koma moto wa tochi unkayamba movutikira, nthawi zina n'kumangothetheka osadula. Ndinayamba kuganiza kuti ndagula makina akufa, mpaka nditagwira chopanira cha ethi n'kuchimva chikutentha. Chinali cha chitsulo chopyapyala chongopakidwa mtundu wa kopa, ndipo waya wake unali wongopanikizidwa ndi kabawuti kamodzi. Ndinagula chopanira cholimba cha owotcherera pa K28,000, ndinapala malo opanirapo mpaka chitsulo chitayera, ndipo vutolo linachepa kwambiri.

Chotsala chinali chibadwa cha makinawo. Tochi ya PT-31 imayatsa moto pokhapokha nsonga yake ikakhudza kapena kuyandikira kwambiri chitsulo choyera, chifukwa ilibe kamoto koyambira kamene amakatcha pilot arc. Zitsulo zambiri zimene ndimagwiritsa ntchito ndi zakale zogula pa sikelo, zadzimbiri kapena zapenti, motero ndiyenera kuyamba ndapala ndi grinder njira yonse imene tochi idzadutse. Aliyense amene amadalira zitsulo zakale ngati ine ayenera kuwonjezera ndalama pang'ono kuti agule makina otsika mtengo omwewa koma okhala ndi pilot arc, amene nthawi zambiri amalembedwa CUT-50P. Ndikanadziwa zimenezi mu Okutobala, ndikanasankha amenewo.

Panalinso china chimene ana ndiwo anayamba kuchiona. Nthawi iliyonse ndikakanikiza batani la tochi, wailesi ya m'khitchini inkapokosera ndipo intaneti ya m'nyumba inkaduka. Makina otere amayatsa moto ndi mphamvu yothetheka imene amaitcha HF, ndipo imasokoneza zipangizo zamagetsi zapafupi. Ndinasamutsira rauta ku chipinda cha kutsogolo, ndipo foni ndimaisiya m'nyumba ndikamadula.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinadula lata lakale loti ndifolerere khola la nkhuku, zitseko za shedi zili zotseka chifukwa cha mphepo. Panatuluka utsi woyera, ndipo usiku wake ndinagona ndi mutu ndi kuphwanya kwa thupi ngati malungo, zimene zinatha mawa lake. Malata amakutidwa ndi zinki, ndipo utsi wake ndiwo umachita zimenezi. Tsopano malata ndimadula ndi lumo lake, ndipo chilichonse chokutidwa ndimadulira panja nditavala chotchinga mphuno choyenera. Maso ndimatchinga ndi galasi la nambala 5 ndikakhala pa ma amp 30 mpaka 40.

7 Disembala 2024

Ndinayesa kudula mzere wautali wa mita imodzi pa puleti ya mamilimita 6, ndipo masentimita 30 oyambirira anatuluka bwino, koma kuchokera pamenepo moto unayamba kufooka ndi kusiya chitsulo chosungunuka chitamatirira kunsi. Nditabwereza uku ndikuyang'ana geji ya mpweya, ndinaona muvi ukutsika kuchoka pa 4.5 bar kufika pansi pa 3, kompuresa ikulira osapuma. Malita a pa mphindi amene amalembedwa pa makompuresa aang'ono otere ndi a mpweya umene pampu imakoka, osati umene umafika ku tochi, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Ndinapeza kompuresa yogwiritsidwapo kale ntchito ya malita 100, ya lamba ndi mota ya 3 HP, kwa munthu wina wopenta magalimoto amene ankatseka garaja yake. Tinagwirizana K550,000, ndipo yanga yaing'ono ndinaigulitsa pa K180,000, kutanthauza kuti m'thumba munatuluka K370,000.

28 Disembala 2024

Ili ndilo vuto limene landidyera nthawi ndi ndalama koposa ena onse, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa palibe wogulitsa aliyense amene anandichenjezapo. Mu Okutobala ndi Novembala, kunja kuli kouma, nozzle imodzi inkandikwanira Loweruka lathunthu. Mvula itakhazikika, ndinatha ma nozzle asanu ndi ma electrode anayi m'mawa umodzi wokha. Moto unkathetheka, unkaoneka wobiriwira nthawi zina, ndipo mzere wodulidwa unkatuluka wopendekera mbali imodzi ngati kuti tochi ndinaigwira mokhota. Nditamasula tochi, ndinapeza kabowo ka nozzle katakula ndi kusiya kukhala kozungulira, pamene kachitsulo ka hafnium kamene kamakhala pakati pa nsonga ya electrode kanali katadyeka n'kusiya dzenje lakuda.

Poyamba ndinaloza chala zida zotsika mtengo, ndipo ndinakagula paketi ina pa K35,000 m'sitolo yosiyana, koma nazonso zinapsa chimodzimodzi. Chimene chinanditsegula maso chinali chapafupi kwambiri. Ndinazula kampope ka mpweya kumbuyo kwa makina n'kukapemerera pa galasi lakale la zenera, ndipo m'masekondi ochepa galasilo linanyowa ndi timadontho. Nditatsegula kabawuti ka pansi pa thanki ya kompuresa, panatuluka madzi ofiira a dzimbiri okwana pafupifupi theka la botolo la Fanta, amene mwina ena anali ochokera kwa mwini wake woyamba. Mpweya wa nyengo ya mvula umakhala ndi chinyezi chambiri, kompuresa ikaupanikiza umatentha, ndipo ukamazizira m'thanki ndi m'mipope chinyezicho chimasanduka madzi amene amakathera m'tochi.

Kasefa kamene kanabwera ndi makina kamagwira madontho akuluakulu okha, ndiponso kali pamalo amene mpweya umafika usanazizire mokwanira. Ndinagula mamita 8 a paipi ya kopa ya ozizitsa mafiriji pa K60,000, ndinaipinda mokwera ndi kutsika pa khoma la shedi, ndipo pansi pa mapindiro ake ndinaika timipopi totayira madzi. Kumapeto kwake, pafupi ndi makina, ndinaika sefa yaikulu yolekanitsa madzi ya K45,000. Ulendo woyamba ndinalakwitsa poika sefayo pakamwa pa kompuresa penipeni, ndipo sinagwire kanthu chifukwa mpweya unali ukadali wotentha, chinyezi chisanasanduke madzi. Nditaisamutsa, kabotolo kake kanayamba kusonkhanitsa madzi tsiku lomwelo. Tsopano thanki ndimaikhuthula ndisanayambe ntchito komanso ndikamaliza, ndipo nozzle yabwerera pa moyo wake wa tsiku lathunthu ngakhale kunja kukugwa mvula.

11 Januwale 2025

Mnzanga wa ku mpingo amayang'anira malo ena okonzera makina ku Kanengo, ndipo kumeneko ali ndi makina a plasma a Hypertherm otchedwa Powermax45 XP. Anandilola kupita Loweruka masana ndi zidutswa zanga za mamilimita 3, 6 ndi 10, zochokera pa mapuleti omwewo amene ndinadula kunyumba, kuti ndiyerekeze ndi maso anga m'malo momangomva za m'maluwa.

Kusiyana koyamba ndinakumva m'dzanja. Tochi yake ili ndi chishango kumapeto, motero imakhuzidwa pa chitsulo ngati pensulo pa pepala, ndipo munthu savutika kusunga kampata pakati pa nsonga ndi chitsulo. Moto umayaka tochi isanakhudze kanthu, ndipo unadutsa pa penti ndi pa dzimbiri popanda kupala kulikonse. Makinawa sayatsa ndi HF, choncho kompyuta imene inali pa tebulo lapafupi sinasokonezeke. Pa mamilimita 10 panalibe mpikisano uliwonse, chifukwa Powermax inadutsa mofulumira n'kusiya m'mphepete mowongoka, pamene CUT-50 yanga, ngakhale nditaikweza mpaka pa 50, imayenda mokwawa ndipo imasiya mbali yopendekera yofuna grinder kwa nthawi yaitali. Opanga amati Powermax45 XP imadula bwino mpaka mamilimita 16, ndipo nditaona mmene inachitira pa 10 sindinakayike. Zinandiphunzitsa kuti nambala ya ma amp yolembedwa pa bokosi siyokwanira kuyerekezera makina awiri, popeza a 45 anaposa a 50 kutalitali.

Pa mamilimita 6 kusiyana kunalipo koma kochepa, makamaka pa kuchuluka kwa chitsulo chomatirira kunsi. Pa mamilimita 3, amene ndiwo ndimadula kwambiri, tinaika zidutswa ziwirizo pamodzi nditazipala pang'ono ndi disiki ya sandipepa, ndipo mmodzi wa anyamata a pamalopo analephera kuloza chimene chinachokera ku makina ati. Mnzangayo anandiuza kuti zida za kumapeto kwa tochi yawo zimakhala nthawi yaitali kwambiri kuposa zanga, koma amaziitanitsa kunja ndipo amayenera kukonzekera ndalama zakunja nthawi isanathe. Iwo amadula tsiku ndi tsiku ndipo makina akaima ntchito ya anthu angapo imaima, choncho mtengowo umadzibweza. Ine ndikadula kwambiri ndi maola awiri pa sabata.

Anandionetsanso kanthu kamene kandithandiza kunyumba. Mpweya umatuluka m'tochi ukuzungulira, ndipo chifukwa cha ichi mbali imodzi ya mzere imawongoka kuposa inzake. Tochi ikamapita kutsogolo kuchoka kwa wodulayo, mbali yabwino imakhala kudzanja lamanja. Pa tochi yanga kusiyanaku sikuoneka bwino ngati pa yawo, komabe kulipo ndithu.

25 Januwale 2025

Pofuna kusunga zida zokwanira chaka, ndinatumiza uthenga kwa alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg kuti andigulire ma nozzle ndi ma electrode a CUT-50, ndipo anawatumiza ndi munthu amene ankabwera pa basi kudzera ku Beitbridge ndi Tete. Phukusi litafika, palibe chimodzi chimene chinalowa. Anali a tochi ya AG-60, imenenso imagulitsidwa ndi makina olembedwa CUT-50. Zidazi zimayendera dzina la tochi osati la makina, ndipo ngakhale pa PT-31 pomwepo pali zazifupi ndi zazitali zimene siziyenera kusakanizidwa. Ndinawaimbira kuwapepesa kuti, "Alamu, cholakwa n'changa, sindinakuuzeni dzina la tochi," ndipo ulendo uno ndinawatumizira chithunzi cha zida zakale zili pambali pa rula. Zolakwikazo ndinasinthanitsa ndi mmisiri wina wa ku Mchesi amene ali ndi tochi yoteroyo, iye n'kundipatsa mapuleti otsala.

8 Febuluwale 2025

Chithunzi cha mlambe chadulidwa, ngakhale kuti puleti yoyamba inawonongeka. Ndinajambula mtengowo pa katoni, ndinaukopera pa puleti ya mamilimita 3 ndi choko cha owotcherera, n'kuyamba kudula nthambi motsatizana kuchokera kumanzere. Nditafika pakati, puleti inali itapindika ngati chiwaya chifukwa kutentha konse kunaunjikana mbali imodzi, ndipo nsonga ya tochi inayamba kugunda pamalo otukuka. Choipirapo n'chakuti pamene nthambi ziwiri zinakumana, kachigawo ka pakati pake kanagwa pansi, chifukwa pojambula sindinasiye timilatho togwirizira zigawo zotsekeredwa ndi mizere.

Pa puleti yachiwiri ndinakonza chojambula n'kusiya timilatho ta mamilimita 8 paliponse pamene mizere imakumana. Ndinaipanira pa felemu ya angle iron m'makona onse anayi, ndinatsitsa makina kufika pa ma amp 30, ndipo ndinkadula nthambi imodzi kumanzere, ina kumanja, kenaka kupuma kuti chitsulo chizizire. Poboola pakati pa puleti ndinkayamba tochi itapendekera kuti chitsulo chosungunuka chithawire kumbali m'malo mobwerera mu nozzle, kenaka n'kuiwongola moto ukatulukira kunsi. Liwiro loyenera ndimalidziwa poyang'ana zothetheka za pansi, zimene ziyenera kutsalira m'mbuyo pang'ono chabe. Zikayamba kubwerera pamwamba ndiye kuti ndafulumira, ndipo m'mphepete mukadzaza chitsulo chofewa chonenepa ndiye kuti ndachedwa. Ntchito yonse inatenga maola atatu ndi ma nozzle awiri, ndipo nyale yochenjeza za kutentha kwa makina sinayake ngakhale kamodzi, chifukwa kupuma kozizitsa puleti kunkapumitsanso makinawo.

Nditawerengera zonse, makina a K620,000 andidyera K1,333,000 pophatikiza waya wa magetsi, ethi, kompuresa, paipi ya kopa ndi sefa, osawerengera ma nozzle opsa ndi puleti yowonongeka. Mwa ndalama zimenezi, K475,000 ndi za mpweya wokha, zimene Powermax30 AIR ikanandipulumutsa popeza imadzipangira mpweya, komabe ikanatsala yokwera mtengo kuposa katatu, ndipo kompuresa yaikuluyi ndikuigwiritsanso ntchito popenta. Ndasankha kukhala ndi makina amenewa, ndipo chitsulo cha mamilimita 10 chikapezeka ndizipita nacho ku Kanengo. Bodi ya m'kati mwa makinawa ikadzapsa, sindinapeze munthu mu Lilongwe amene walonjeza kuti angaikonze, choncho ndimawazimitsa pa buleka kukayamba ziphaliwali kapena magetsi akayamba kuphethira madzulo.

Puleti yoyamba ija sindinaitaye, ndaidula zidutswa zopangira mbaula ziwiri. Yachiwiri ndaiwotcherera pa felemu ya geti ndi timfundo tating'ono totalikirana masentimita 15 kuti isapindike, ndapaka penti yofiira yoteteza dzimbiri, ndipo yakuda ya pamwamba ikudikira tsiku loti dzuwa liwale kuyambira m'mawa.